Zikalata zitatu za mamendulo za msilikali wa 21. Panzer-Division, 1942: kodi zonse ndi zenizeni?

Kambewa_JHB

Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha mundithandize kuunika zikalata zitatu za mamendulo a asilikali a Germany za nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Wogulitsa zinthu zakale wina kuno ku Johannesburg wandipatsa kuti ndikhale nazo sabata imodzi ndisanalipire. Iye akuti zinapezeka m'katundu wa msilikali wa ku South Africa amene anamenya nkhondo ku Libya ndi ku Egypt, koma palibe kalata kapena chithunzi chochitira umboni nkhaniyo. Zonse zitatu zili m'dzina la munthu mmodzi, Gefreiter (renki yaing'ono ya usilikali) wa mu Schützen-Regiment 104. Dzinalo sindilemba pano poti mwina abale ake akadalipo.

Choyamba ndi cha Eisernes Kreuz 2. Klasse (EK2), mendulo ya Mtanda Wachitsulo ya kalasi yachiwiri. Pamwamba pali mawu osindikizidwa aja akuti "Im Namen des Führers und Obersten Befehlshabers der Wehrmacht verleihe ich dem", kenako renki, dzina ndi gulu zotayipidwa. Malo alemba "Div.Gef.St.", tsiku 10.6.1942, wosaina ndi "v. Bismarck", pansi pake atayipa "Generalmajor und Divisionskommandeur". Chidindo chili kumunsi kumanzere.

Chachiwiri ndi Besitzzeugnis ya Verwundetenabzeichen in Schwarz, chikalata chotsimikizira baji yakuda ya kuvulala. Akuti anavulala pa 3.7.1942, ndipo chikalatacho chinaperekedwa pa 28.7.1942 ku Reserve-Lazarett (chipatala cha asilikali) ina ya ku Germany. Wosaina ndi Oberstabsarzt, dokotala wa asilikali wa renki yapamwamba.

Chachitatu ndi cha Eisernes Kreuz 1. Klasse (EK1), ya kalasi yoyamba, tsiku 20.9.1942, gulu "Schtz.Rgt.104", wosaina ndi "v. Bismarck" yemweyo.

Zonse ndi za saizi pafupifupi 14 cm ndi 20 cm. Wogulitsayo anaziunika ndi tochi ya UV ine ndikuona, sizinawale, ndiye akuti nkhani yathera pomwepo. Mtengo waukulu wauika pa chachitatuchi. Kodi tochi yokhayo ndi yokwanira? Ngati ayi, ndiyambire pati, ndipo ndiyang'ane chiyani kwenikweni?

Gogo_Mbiri

Achimwene, tochiyo ikani kaye m'thumba. Chikalata chimayamba chawerengedwa, za pepala ndi inki zimabwera pambuyo. Wopanga zabodza savutika kupeza pepala lakale, koma nthawi zambiri amachita ulesi kufufuza amene anali pampando tsiku lomwe walembalo. Pa chikalata chilichonse onani ngati menduloyo inali itakhazikitsidwa pa tsikulo, ngati gululo linkadziwika ndi dzina limenelo, ngati wosainayo anali pa udindowo ali ndi renki yomwe yatayipidwayo, komanso ngati udindo wakewo unkamulola kupereka mendulo yoteroyo.

Choyambacho chikudutsa bwinobwino. Schützen-Regiment 104 inali ya 21. Panzer-Division, yomwe lisanafike tsiku la 1 Ogasiti 1941 inkatchedwa 5. leichte Division. Georg von Bismarck anayamba kuilamulira kumayambiriro kwa 1942 ali Oberst (colonel), n'kukwezedwa kukhala Generalmajor mu Epulo chaka chomwecho. Nkhondo ya ku Gazala inayamba pa 26 Meyi, Tobruk inagwa pa 21 Juni. Ndiye EK2 ya pa 10 Juni, yosainidwa ndi Generalmajor von Bismarck pa Div.Gef.St., pamalo pomwe likulu la divishoni linkayendetsera nkhondo, ndi chinthu chimene munthu angachiyembekezere.

Vuto lili pa chachitatu, ndipo si laling'ono. Von Bismarck anaphedwa pa 31 Ogasiti 1942, nkhondo ya ku Alam el Halfa itangoyamba kumene. Oberst Carl-Hans Lungershausen anagwirizira udindowo kwa masabata ochepa, kenako chapakati pa Seputembala kunabwera Generalmajor Heinz von Randow, amene nayenso anafa pa 21 Disembala ndi bomba lokwirira pansi. Pa 20 Seputembala pansi pa chikalata panayenera kukhala dzina la von Randow.

Kuti tisaweruze mopupuluma, pali zifukwa ziwiri zomwe ogulitsa amathawirako. China n'chakuti mlembi analakwitsa, m'malo motayipa 8 anatayipa 9. Zoterozo zinkachitika, koma mlembi akazindikira ankabwereza pamwamba pa nambalayo, ndiye ionetsetseni ndi galasi ngati pali kufufuta kapena kubwereza. China n'chakuti mkuluyo anasainiratu mafomu opanda dzina asanafe. Ngakhale titavomera kuti anasainiratu, ofesi ya adjutant wa divishoni, yomwe inkatchedwa IIa, sikanatulutsa chikalata chonena kuti "verleihe ich" m'dzina la munthu wakufa, mpandowo utakhalidwa kale ndi anthu ena awiri. Ine zimenezo sindingazivomere popanda kuona zikalata zina za divishoni yomweyo za masiku omwewo zochitidwa chimodzimodzi.

Dzina la gulu nalonso likukayikitsa, ngakhale palokha silingaphe chikalata. Mu Julayi 1942 marejimenti a Schützen a m'madivishoni a Panzer anasinthidwa mayina kukhala Panzergrenadier-Regiment. Pa chikalata cha 28 Julayi chochokera kuchipatala cha ku Germany dzina lakale silidabwitsa, poti mlembi wa kuchipatala ankakopera zomwe zalembedwa mu Soldbuch ya wodwalayo, kabuku ka umboni komwe msilikali aliyense ankayenda nako. Koma likulu la divishoni yomweyo kulembabe "Schtz.Rgt." kumapeto kwa Seputembala ndi kuchedwa kwambiri. Dziwani mbali yomwe lamuloli limagwira mwamphamvu: dzina lakale likhoza kuchedwa kuchoka, makamaka pa zidindo, koma dzina latsopano silingaoneke lamulo lisanatuluke. Marejimenti a Infanterie anakhala Grenadier-Regiment pa 15 Okutobala 1942, choncho "Gren.Rgt." pa chikalata cha 1941 ndi bodza loonekeratu.

Masiku okhazikitsira mamendulo amagwira akathyali ambiri, ndipo ndi bwino kuwaloweza. Eisernes Kreuz ndi Verwundetenabzeichen ndi za pa 1 Seputembala 1939, Kriegsverdienstkreuz pa 18 Okutobala 1939, Infanterie-Sturmabzeichen ndi Panzerkampfabzeichen pa 20 Disembala 1939, Allgemeines Sturmabzeichen pa 1 Juni 1940, Deutsches Kreuz pa 28 Seputembala 1941. Mendulo ya nkhondo ya m'nyengo yozizira ku Russia ya 1941/42 inakhazikitsidwa pa 26 Meyi 1942, Krimschild (baji ya nkhondo ya ku Crimea) pa 25 Julayi 1942, Nahkampfspange pa 25 Novembala 1942, ndipo lamba wapamkono wa Afrika pa 15 Januwale 1943. Komanso mendulo iyenera kugwirizana ndi gulu. Msilikali wanuyu, poti anali wa Schützen mu divishoni ya Panzer, akanalandira baji yomenyera nkhondo ikanakhala Panzerkampfabzeichen in Bronze. Wina akakubweretserani Infanterie-Sturmabzeichen in Silber m'dzina lake mufunse chifukwa.

Za mphamvu ya wosaina: m'gulu la asilikali a pamtunda Eisernes Kreuz kawirikawiri inkaperekedwa ndi mkulu wa divishoni kapena woposa pamenepo, baji ya Infanterie-Sturmabzeichen ndi mkulu wa rejimenti, baji ya kuvulala ndi dokotala wamkulu wa chipatala kapena mkulu wa gulu la msilikaliyo. Werenganinso tizilembo ta pafupi ndi siginecha. "i.V." ndi woimirira mkulu amene kulibe. "m.d.F.b." ndi amene wapatsidwa utsogoleri koma sanatsimikizidwe paudindo, n'chifukwa chake mumatha kupeza Oberst atasaina pamalo pa jenerale. "gez." kutsogolo kwa dzina lotayipidwa ndiye kuti mkuluyo anasaina pepala lina, ili ndi kope, ndipo wosaina pansi pa "F.d.R." akungotsimikiza kuti kopeyo ndi yolondola. Pa Krimschild musadabwe kupeza siginecha ya von Manstein, mkulu wa asilikali amene analanda Crimea, ili yodinda kapena yosindikiza. Zikalatazo zinali zambirimbiri, sakanatha kusaina ndi dzanja.

Chachiwiricho chionetsetseni malo atatu. Fomuyo ili ndi mawu akuti "maligen Verwundung", ndipo mlembi ankatayipa "ein", "zwei" kapena "drei" kutsogolo kwake. Yakuda ndi ya kuvulala kamodzi kapena kawiri, yasiliva katatu kapena kanayi, yagolide kasanu kapena kuposa, ngakhale kuti wotaya dzanja, phazi kapena diso ankalandira yasiliva pa kuvulala kumodzi. Tsiku la 3 Julayi likugwirizana ndi nkhondo yoyamba ya ku El Alamein, yomwe inayamba pa 1 Julayi. Chotsala n'kuona ngati tauni yolembedwa pa chidindo ndi yomweyo yatayipidwa pa tsiku.

Mabuku ofunika pa ntchitoyi ndi la Georg Tessin la magulu a asilikali ndi mayina awo, ndi la Norbert Kannapin la manambala a Feldpost, omwe anali adiresi ya makalata ya gulu lililonse. Mafayilo a madivishoni omwe anagwidwa ndi Amereka ali pa mafilimu a National Archives pansi pa T-315.

Chidindo35

Agogo anena kale chachikulu. Ine ndiwonjezere za pepala, chifukwa ngakhale ziwiri zodutsa pa mbirizo zikufunika kuunikidwa.

Tochi ya UV ntchito yake ndi kukana basi, sivomereza. Mankhwala oyeretsa mapepala omwe amawala pansi pa UV anayamba kufala m'ma 1950, choncho pepala likawala kuti mbee lonse, mpaka m'mphepete mong'ambika, ndi la pambuyo pa nkhondo. Likapanda kuwala mwangodziwa kuti pepalalo ndi lakale, kapena linapangidwa popanda mankhwalawo. Opanga zabodza amadula masamba opanda kanthu a kumapeto kwa mabuku akale, ndipo mafomu enieni osalembedwa anatsala ambiri nkhondo itatha mu 1945. Gwiritsani tochi ya 365 nm, osati zotchipa zija za 395 nm zomwe zimangopaka chilichonse mtundu wa pepo, ndipo muunike m'chipinda chamdima mutaika pepala la fotokope pambali kuti muziyerekezera. Kuwala kwa madonthomadontho sikupha chikalata. Kumachokera ku guluu, ku sopo wa m'manja kapena ku masamba a alubamu momwe chinasungidwa. Pepala lodetsedwa ndi tiyi kapena khofi limafiira mofanana paliponse, pomwe lokalamba lokha limayamba kufiira m'mphepete ndi m'mikwingwirima, pakati pakadali poyererapo.

Tengani galasi lokuza ka 10, ndipo ngati muli ndi kamaikulosikopu ka USB n'kabwino koposa. Gonekani tochi wamba pambali pa pepala kuti kuwala kuzidutsa chogona. Mafomu ambiri ankasindikizidwa ndi zilembo zachitsulo zodinikiza pepala, ndiye muona zilembo zitalowa pang'ono, inki itakankhidwira m'mphepete mwa chilembo ngati kamzere koderapo, ndipo kuseri chala chimamva timatumphu. Inki ya pulinta ya laser imakhala pamwamba, imanyezimira, imasweka pomwe pepala lapindidwa, ndipo mozungulira zilembo mumakhala tifumbi takuda. Ya inkjet imaoneka timadontho ta mitundu. Koma musayembekezere fomu yamtundu umodzi. Madivishoni ndi magulu akuluakulu ankasindikiza awoawo kulikonse komwe apeza makina, ndipo kumapeto kwa nkhondo zikalata zina zinkangotayipidwa zonse pa pepala wamba. Za zilembo zakale za Chijeremani zotchedwa Fraktur: lamulo lozisiya linatuluka mu Januwale 1941, komabe mafomu akale anapitiriza kugwira ntchito mpaka atatha, choncho Fraktur mu 1942 si vuto.

Pa zotayipa yang'anani riboni. Nthawi imeneyo inali yansalu, ndipo pansi pa galasi chilembo chimaonetsa ulusi wa nsaluyo, m'mphepete mosalunjika bwino. Chilembo chakuda bii, chosalala, chodulidwa ngati ndi lezala, ndi cha riboni ya pulasitiki yomwe inabwera patapita zaka. Madontho ndi makoma nthawi zambiri amaboola kapena kutumphukira kuseri. Makina a ku Germany anali ndi ä, ö, ü ndi ß, ndiye "Schützen" yokhala ndi timadontho toikidwa ndi cholembera kapena ndi chizindikiro cha mawu ogwidwa ikusonyeza makina achilendo. Izi pazokha si umboni wa chinyengo ku Africa, komwe ankagwiritsanso makina olanda, koma zilembeni. Alembi ambiri ankatayipa ziro ndi "o" wamng'ono, mwachitsanzo "1o.6.42". Pambuyo pa "dem" Chijeremani cholondola ndi "Gefreiten", ngakhale pa zikalata zenizeni mupezanso "Gefreiter" kapena "Gefr." chabe. Kampani imalembedwa ndi nambala wamba, monga "5./", batalioni ndi nambala ya Chiroma, monga "II./". Chachikulu n'chakuti makina aliwonse ali ndi zilema zake: "e" wodzaza inki, "r" wopendekera, "n" wokwera pang'ono. Zikalata ziwiri zochokera mu ofesi imodzi motalikirana miyezi itatu zikhoza kukhala za makina osiyana, palibe vuto. Choopsa ndi makina amodzi kupezeka pa zikalata za madivishoni osiyana omwe anali kutali wina ndi mnzake.

Siginecha iyenera kukhala ya cholembera cha inki yamadzi, ya pensulo, kapena ya pensulo ija yosafufutika ya Kopierstift yomwe imanyezimira mofiirira ngati pepo. Bolopeni ayi, inafala nkhondo itatha. Munthu wosaina mazana a mapepala dzanja lake limathamanga: mzere umayamba wonenepa, umatha wopyapyala, ndipo nsonga ya cholembera imasiya tinjira tiwiri pomwe wadinikiza. Wokopera amayenda pang'onopang'ono, mzere umanjenjemera, umakhala wonenepa mofanana, ndipo muona pomwe anaima n'kuyambiranso pakati pa chilembo. Onaninso pomwe inki yadutsa pa mkwingwirima. Ngati yafalikira m'mbali motsatira mkwingwirimawo, pepala linali litapindidwa kale pomwe ankasaina. Pepala lakale limamwanso inki kwambiri, ndiye siginecha yoikidwa posachedwa imachita tindevu m'mphepete.

Chidindo cha ofesi chinali chozungulira, cha pafupifupi 35 mm, chiwombankhanga chitayang'ana kumanzere kwa inu woonerera. Choyang'ana kumanja ndi cha chipani, sichiyenera kupezeka pa chikalata cha divishoni. Ngati pali "Dienststelle Feldpostnummer" ndi manambala asanu, ifufuzeni mu Kannapin pamodzi ndi tsiku, chifukwa nambala imodzi inkatha kuchotsedwa ku gulu lina n'kupatsidwa lina. Chidindo chopangidwa kuchokera pa chithunzi chimakhala ndi zilembo zonenepa zozungulira m'makona, nthenga zimagwirana, ndipo saizi imaphonya ndi milimita imodzi kapena awiri.

Pomaliza sanjikizani zitatuzo. Mapepala omwe akhala limodzi zaka 80 amasiyirana zizindikiro: mabowo a fayilo otalikirana 80 mm amagwirizana, dzimbiri la kilipi limadutsa kuchoka pa lina kupita pa linzake, inki ya chidindo imasiya mthunzi kuseri kwa pepala lapamwamba. Kenako ikani masiginecha awiri a von Bismarck pa zenera masana, lina pamwamba pa linzake, mutiuze zomwe muone. Musanyowetse kapena kupaka mankhwala aliwonse poyesa inki, katunduyo si wanu panobe.

Kambewa_JHB

Zikomo kwambiri agogo ndi achimwene. Nazi zomwe ndapeza.

Zonse zitatu siziwala, ndipo mawu osindikizidwa ndi odinikiza pa zonse, kuseri kukumveka. Pa EK2 tsiku latayipidwa "1o.6.1942" ndi "o" wamng'ono, "e" aliyense ndi wodzaza inki. Pa EK1 ziro ndi weniweni, zilembo ndi zoyera, riboni ndi yansalu ndithu. Nambala 9 ya mwezi ilibe kufufuta kapena kubwereza. Chidindo cha EK2 ndi 35 mm, cha EK1 ndi 33 mm, mawu ake ndi amodzi koma pa EK1 nthenga zagwirana. EK2 ndi cha kuvulala zili ndi mabowo awiriawiri ogwirizana, ndi dzimbiri la kilipi pakona imodzi. EK1 ilibe mabowo kapena dzimbiri. Pa zenera masiginecha awiriwo akugona ndendende, ngakhale kamchira ka "k" womaliza.

Ndiye ndizibweze zonse? Paja amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola.

Gogo_Mbiri

Pano mwambiwo sukugwira, achimwene. Zomwe mwapezazo zikufotokoza mmene ntchitoyo inachitikira. Palibe munthu amene amasaina kawiri mofanana mpaka kamchira. Wina anali ndi zikalata ziwiri zenizeni, anapeza fomu yeniyeni ya EK1 yosalembedwa, anatayipa ndi makina akale, n'kukopera siginecha ndi chidindo kuchokera pa EK2 yomwe inali patebulo pake. N'chifukwa chake dzina ndi la von Bismarck: ndi chitsanzo chokhacho chomwe anali nacho. N'chifukwa chakenso gulu lalembedwa ndi dzina lakale. Anasankha tsiku la pambuyo pa kuvulala kuti nkhani imveke bwino, osafufuza kuti mwini siginechayo anali atafa. Chinyengo chofala kwambiri pa zikalatazi ndi chimenechi, kuwonjezera mendulo yapamwamba pa gulu la mapepala enieni, chifukwa wogula akaona ziwiri zili bwino chachitatu amachiyang'ana ndi diso lofewa. Za ku Africa ndi za magulu otchuka zimachitidwa kwambiri poti mtengo wake ndi wokwera kale.

Nkhani ya msilikali wa ku South Africa ija ichotseni pa mtengo. N'zoona kuti asilikali a kumeneko anakumana ndi Ajeremani ku Sidi Rezegh mu Novembala 1941, ku Tobruk ndi ku El Alamein, ndipo ena anabwera ndi zikumbutso. Koma pepala lotengedwa m'thumba la mkaidi limakhala lopindidwa kuti likwane mu Soldbuch, lothimbirira ndi thukuta. Anuwa ali ndi mabowo a fayilo ndi dzimbiri la kilipi, ndipo limodzi linaperekedwa ku Germany. Anakhala m'fayilo ya kunyumba kwa zaka zambiri asanalowe m'manja mwa ogulitsa. Izi sizichotsa kanthu pa ziwirizo, zikungosonyeza kuti nkhani yapakamwa ija ndi yongokometsera malonda.

Komabe musathamangire kunena kuti EK2 yatsimikizika. Yangodutsa mayeso omwe mungachite kunyumba. Pezani zithunzi za zikalata zina zosachepera zitatu za 21. Panzer-Division za pakati pa Meyi ndi Julayi 1942, zochokera kwa eni osiyana, muyerekezere chilema cha "e" chija, malo ong'aluka pa mzere wozungulira chidindo, ndi kayendedwe ka dzanja. Siginecha zifanane kayendedwe koma zisagonane ndendende.

Kwa wogulitsa, musonyezeni tsiku la imfa ndi za pa zenera zija. Mwina nayenso anagulitsidwa osadziwa. Ngati mukufuna ziwirizo, mtengo uyambirenso pa ziwiri zokha, ndipo alembe pa risiti kuti adzabweza ndalama nthawi ina iliyonse chikadzapezeka chabodza. Satifiketi yotsimikizira yolembedwa ndi wogulitsa mwiniwake ilibe mphamvu yoposa lonjezo lobweza ndalamalo.

MayiWaMafayilo

Ndiwonjezereko za kosungira mafayilo ndi kasungidwe, poti abambo sanazikhudze kwenikweni.

Mbiri ya msilikali payekha imafunsidwa ku Bundesarchiv, nyumba yosungira mafayilo a boma la Germany, ku Berlin, ku nthambi yomwe kale inali Deutsche Dienststelle kapena WASt, yomwe inalowa mu Bundesarchiv pa 1 Januwale 2019. Kumeneko kuli makadi a magulu omwe munthu anadutsamo, a kuvulala, a zipatala ndi a ukaidi. Pa nkhani yanuyi ndi kothandiza kwambiri, chifukwa khadi likhoza kutsimikiza tsiku la 3 Julayi ndi dzina la chipatala, komanso kusonyeza ngati anabwereranso ku Africa. Pamafunika dzina lonse ndi tsiku lobadwa. Popanda tsiku lobadwa, dzina lofala limabweretsa anthu ambiri. Amalipiritsa, yankho limatenga miyezi, ndipo poti si inu wachibale malamulo oteteza mbiri za anthu akhoza kuchepetsa zomwe angakupatseni. Mindandanda ya olandira mamendulo yomwe inapulumuka ili m'manja mwa Bundesarchiv yomweyo, koma ndi yoperewera. Nyumba yosungira mafayilo a asilikali ku Potsdam inapsa mu Epulo 1945, ndipo mapepala ambiri a magulu a ku Africa anatayika atagonja ku Tunisia mu Meyi 1943. Dzina likapezeka pa mndandanda ndi umboni wamphamvu, likasowa si umboni wa kanthu. Ngati anafa kunkhondo, tsamba lofufuzira manda la Volksbund, bungwe losamalira manda a asilikali a Germany, ndi laulere ndipo limapereka tsiku lobadwa.

Funsaninso wogulitsayo ngati panali Soldbuch kapena Wehrpass, kabuku kena ka mbiri ya usilikali wa munthuyo. Mu Soldbuch ya asilikali a pamtunda zipatala zimalembedwa pa masamba 12 ndi 13, mamendulo chakumapeto pa tsamba 21. Akathyali amawonjezeranso mizere mmenemo, ndiye mzere wa EK1 wolembedwa ndi inki ina pansi penipeni muuunike mofanana ndi chikalata.

Kasungidwe: chikalata chilichonse m'kathumba kake ka polyester, osati ka PVC kaja kofewa konunkha, komwe kamamata inki n'kuichotsa pa pepala. Musalaminete, musaike selotepi pong'ambika, musasite. Kilipi yadzimbiri ichotseni pang'onopang'ono mutalowetsa kakhadi pansi pake. Sungani chogoneka m'bokosi, pamdima, chinyezi chikhale pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Ku Johannesburg mpweya ndi wouma nthawi yambiri, koma okhala ku Durban kapena kumene dzinja limanyowetsa makoma aike silica gel m'bokosi ndipo aziisintha. Nkhungu imadya pepala, ndipo siginecha ya Kopierstift ikakhudza chinyezi imasungunuka n'kuyenderera, siyibwereranso. Pakhoma pachikani fotokope. Dzuwa limazimitsa inki ya pepo ya chidindo m'zaka zochepa.

Mukapeza chikalata chomwe chizindikiro cha swastika chinadetsedwa ndi inki kapena kukandidwa, musachiyese chabodza. Mabanja ambiri anachita zimenezo nkhondo itatha, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa cha manyazi ndi zomwe boma lija linachita, ndipo musayese kuchikonza. Chizindikirocho chikadali nkhani ya malamulo. Ku Germany ndime 86a ya malamulo a milandu imaletsa kuchionetsa poyera kupatula pa zinthu monga maphunziro ndi kafukufuku, Austria ndi France alinso ndi malamulo awo. Musanatumize chikalata kunja funsani malamulo a dziko lomwe chikupita, ndipo poika zithunzi pa intaneti phimbani chizindikirocho.

Chidindo35

Chachitatucho musachilole chibwerere pamsika chili chokhachokha, chifukwa chikasiyana ndi EK2 palibenso amene adzathe kuyesa za pa zenera zija. Ngati wogulitsa avomera, chitengeni ngati chowonjezera chopanda mtengo, mulembe ndi pensulo yofewa kuseri kwake kuti ndi chabodza komanso chifukwa chake, muchisunge m'kathumba kena. Akakana, chijambuleni musanabweze: sikani ya 600 dpi kutsogolo ndi kuseri, rula ili pambali, ndi zithunzi zapafupi za chidindo, za tsiku ndi za mzere wa gulu. Muziike pano mutaphimba dzina. Amene anatayipa chimenechi makina akewo sanawagwiritse ntchito kamodzi kokha, ndipo zilembo zake tikufuna tiziyerekeze ndi za EK1 zina za ku Africa zomwe zikugulitsidwa.